Ku Likoma Sitima Ndiyo Msewu

Anzanga, ambirife kuno ku Kasungu madzi ambiri amene tinawaonapo ndi a mu Bua kapena Dwangwa akasefukira. Tikamva za zilumba timaganiza za Fiji ndi Tuvalu, tija timadontho ta m'nyanja ya Pacific pa mapu a Geography. Komatu nafe tili nazo: Likoma ndi Chizumulu, zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique.

Tchuthi chathachi, fodya wathu atagulidwa ku Chinkhoma, bambo anandilola kuperekeza azakhali kokapikula usipa ku Likoma. Ku Nkhata Bay tinakwera Ilala, sitima yomwe inayamba kuyenda mu 1951. Titaima pa Chizumulu usiku, sitima sinafike kumtunda. Anthu amatsikira m'timaboti, matumba a ufa ndi simenti akupatsirana pamwamba pa mitu. Ine mtima uli phaphapha, koma gogo wina anatsika ngati akutsika pa ngolo.

Likoma ndi yokongola, osanama. Mchenga woyera, milambe ikuluikulu, madzi oti umaona zala zako pansi. Tchalitchi cha St Peter's cha Anglican, chomwe anayamba kumanga mu 1903, chinandisiya kukamwa yasa. Chilumba chonsecho ndi masikweya kilomita 18 okha.

Koma mlendo ndi mwinimudzi saona zofanana. Alendo a m'maloji amasambira, kujambula, n'kumapita. Eniake amadikira sitima. Shuga, sopo ndi ufa zimachita kuoloka nyanja, ndiye mitengo yake ndi yowawa. Mwera ukakwiya, maboti ang'onoang'ono amangokhala pagombe. Nthaka ndi ya miyala, chimanga sichichita bwino, moti tinkadya kondowole. Ngakhale nkhuni zambiri zimachokera kutsidya ku Mozambique. Mayi amene tinafikira kwawo akatha kuphika amazimitsa chikuni ndi madzi kuti chidzagwire ntchito mawa.

Chikuni chimenecho sichikundichoka m'mutu. Pachilumba umaona pomwe mtunda wathera, ndiye chilichonse umachiwerenga. Ife kuno dziko ndi lotambalala, M1 ili pafupi, ndipo chaka ndi chaka timagwetsa mitengo ya zigafa ngati sidzatha. Koma inu amene mumapita kunkhuni musanabwere kusukulu, mtunda wake sukutalika?

Mwayi wa ku Likoma ukadzakupezani, pitani ndithu. Mukasambire, mukajambulitse. Mukatero mukafunsenso mtengo wa mtolo wa nkhuni.