Ulendo wa ku Azamihira, Mudzi wa Duwa la M'mawa

Makolo athu anatisiyira miyambi iwiri yonena za mlendo, imene poyamba kuimva munthu angayese kuti itsutsana. Wina umati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, pamene unzake umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyambi iwiriyi tinaimvetsa bwino tili kutali ndi kwathu, m'mudzi waung'ono wa m'mapiri a dziko la Japan wotchedwa Azamihira, kumene tinakacheza m'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2018. Tifuna kukusimbirani, inu makolo ndi achinyamata, zimene mlendo wina wodziwa luso la zojambula anachita pamodzi ndi eni mudziwo, ndiponso chimene chinatsala m'mudzimo iye atabwerera kwawo.

Tinanyamuka mumzinda wa Tokyo m'mawa pa sitima yaliwiro yotchedwa Shinkansen, kulowera chakumpoto. Titadutsa chigwa chodzala ndi nyumba ndi mafakitale, sitima inalowa m'ngalande yaitali makilomita 22 yoboola pansi pa mapiri, ndipo potulukira tsidya linalo tinali m'chigawo cha Niigata, chodziwika m'dziko lonselo chifukwa cha mpunga wake wokoma. Pa siteshoni ya Echigo-Yuzawa tinakwera kasitima kakang'ono kamene kanatifikitsa ku Matsudai, ndipo kuchokera pamenepo tinayenda pa galimoto mumsewu wokhotakhota wokwera m'mapiri. Mbali zonse tinaona minda yampunga yosanjikizana ngati makwerero, ina yobiriwira bwino, ina itasanduka thengo chifukwa chosowa woilima.

Dera limeneli litchedwa Echigo-Tsumari, ndipo kukula kwake ndi masikweyakilomita 760. M'nyengo yotentha ndi dziko lokongola ndithu, koma m'nyengo yachisanu limakwiririka ndi chipale chofewa chogwa kumwamba, chimene chimaunjikana kufikira mamita awiri kapena atatu, nthawi zina kupyola apo. N'chifukwa chake nyumba zambiri tinaziona zitamangidwa pa maziko aatali a simenti, makomo ake ali m'mwamba. Kale amuna a kumeneko ankachoka m'nyengo yachisanu kukagwira ntchito m'mizinda, monga momwe agogo athu ankapitira ku migodi ya ku Joni, nabwerera nthawi yodzala itayandikira. Koma m'kupita kwa zaka anyamata ndi atsikana anayamba kupita osabwereranso. M'midzi munatsala nkhalamba, ana anasowa, ndipo sukulu zinayamba kutsekedwa, ina pambuyo pa inzake.

Poona vuto limeneli, akuluakulu a boma a m'deralo anaganiza njira yachilendo. Motsogozedwa ndi a Fram Kitagawa, m'chaka cha 2000 anayambitsa chionetsero cha zaluso chochitika kamodzi pa zaka zitatu. M'malo mosonkhanitsa zojambula m'nyumba imodzi mumzinda, anaitana amisiri a m'dziko lomwelo ndi a maiko ena kuti adzagwire ntchito m'midzi, m'minda, m'nyumba zosiyidwa ndi m'sukulu zotsekedwa. Poyamba eni dziko ambiri anakana, pakuti anaona ngati kuwononga ndalama pa zinthu zosadyedwa, ndipo panafunika misonkhano yambirimbiri kuti avomere. Chaka choyambacho kunabwera alendo oposa 160,000, ndipo pofika chaka chimene ife tinapitako chiwerengero chinapyola 500,000.

Ku Matsudai tinaona zina mwa ntchito zotchuka za chionetserochi. Pafupi ndi siteshoni pali chimaluwa chachikulu chamawangamawanga chopangidwa ndi mayi Yayoi Kusama. Kutsidya kwa mtsinje, m'munda wampunga, muli zifanizo zachikasu ndi zobiriwira ngati mtambo za alimi akulima, akudzala ndi kukolola, ntchito ya a Ilya Kabakov ndi akazi awo a Emilia. Zonsezi ndi zinthu zokoma m'maso, zimene mmisiri anapanga nazisiya kuti anthu aziziona. Koma cha ku Azamihira chinali cha mtundu wina.

Mlendo amene anafika m'mudziwo m'chaka cha 2003 ndi a Katsuhiko Hibino, obadwa m'chaka cha 1958 ku Gifu. Anatchuka akali mnyamata chifukwa chopanga zinthu zokongola ndi makatoni wamba amene ena amataya, ndipo anali mphunzitsi pa yunivesite ya zaluso ya ku Tokyo, imene pambuyo pake, m'chaka cha 2022, anakhala mkulu wake. Malo amene anapatsidwa ndi nyumba ya sukulu ya pulaimale ya m'mudzimo, imene inali itatsekedwa chifukwa chosowa ana. Iwo sanadze ndi fano lachitsulo kapena chithunzi chopachika pakhoma. Anatsegula ofesi ya nyuzipepala.

Dzina la nyuzipepalayo ndi Asatte Shimbun, ndipo m'chinenero chathu tingati Nyuzipepala ya Mkuja. Atolankhani ake anali achinyamata, ambiri a iwo ophunzira ochokera m'mizinda, amene ankakhala m'mudzi momwemo masiku a chionetsero, natulutsa nyuzipepala tsiku ndi tsiku. Tsono taganizani, awerengi okondedwa: m'mudzi wa nkhalamba zowerengeka, nkhani yodzaza pepala tsiku lililonse ichokera kuti? Mtolankhani ayenera kutuluka, kukagogoda pakhomo, kukhala pansi ndi kufunsa. Ayenera kutsata mlimi kumunda ndi kumva za madzi a m'mpunga, za tizilombo, za chipale cha chaka chatha. Chomwecho anthu amene kwa zaka zambiri panalibe wowafunsa kanthu anapezeka kuti ndiwo eni nkhani, ndipo anyamata a mumzinda anasanduka ophunzira awo.

Dzina lakuti mkuja linatipatsa maganizo. Za mawa munthu amakhala atazikonza kale, ndipo za zaka khumi zikudzazo nkhalamba ingati sizindikhudza. Koma mkuja ali pafupi kotero kuti aliyense ayembekeza kumuona, komabe ali patali pang'ono kotero kuti sadziwika bwino chimene adzabwere nacho. Kwa mudzi umene anthu ambiri ankati ulibe tsogolo, limeneli linali dzina loyenera.

Ntchito yachiwiri, imene inakula koposa nyuzipepala, inali yodzala maluwa. Duwa lake a ku Japan amalitcha asagao, kutanthauza nkhope ya m'mawa. Ndi mbale wake wa mbatata yathu, ndipo amene anaonapo duwa la kholowa angalizindikire msanga, pakuti lili ngati kalipenga, lina lofiirira, lina lobiriwira ngati mtambo, lina loyera. Limayanga pa chilichonse chimene lagwira, limamasula m'bandakucha, ndipo dzuwa likafika pamutu limafota. Ku Japan ana ambiri a kalasi yoyamba amapatsidwa njere za duwa limeneli kusukulu kuti adzale mumphika ndi kulisamala. Kotero kwa munthu wa kumeneko, asagao ndi duwa lokumbutsa ubwana ndi tsiku loyamba kunyamula chikwama cha mabuku.

A Hibino ndi anthu a m'mudzimo anamanga zingwe zambiri kuchokera pansi kufikira kudenga la sukuluyo, nadzala njere m'munsi mwake. Apa mphunzitsi wa ku yunivesite anali wosadziwa, ndipo odziwa anali alimi. Iwo ndiwo anazindikira nthaka, nthawi yodzala, kathiriridwe ndi kamangidwe ka mfundo yosamasuka ndi mphepo. Kalumo kakuthwa kamene mlendoyo anadza nako kanali maso oona kuti luso limene eni mudzi ankaliyesa ntchito wamba lingathe kuveka nyumba yakufa chovala chamoyo.

Ife tinafika pasukulupo dzuwa lisanakwere kwenikweni. Khoma la kutsogolo linali litaphimbika ndi masamba, ndipo maluwa anali mbee, atayang'ana kum'mawa. Titalowa m'kati, kuwala kunali kulowa pa mazenera kobiriwira, ndipo munali mozizira bwino ngakhale kunja kunali kutentha kwa chinyontho. Nyenje zinali kulira m'mitengo mosalekeza. M'zipinda zimene kale munkamveka mawu a ana tinapezamo mapepala, zolembera ndi achinyamata otanganidwa. Tinakhala pamenepo mpaka masana, ndipo tinaona ndi maso athu maluwa aja akupinda milomo, kufota limodzi ndi limodzi. Wofika madzulo sakanaona kanthu koma masamba okha.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Fano lachitsulo likaimikidwa, mmisiri angathe kupita osabweranso, ndipo eni mudzi angathe kulidutsa zaka makumi awiri osaligwira. Koma asagao ndi mbewu ya chaka chimodzi. Ikauma m'nyengo yophukuta, wina ayenera kuthyola timakoko take, kupukusa njere zakudazo ndi kuzisunga pouma. Zingwe ziyenera kutsitsidwa chipale chisanagwe. Chisanu chikatha, wina ayenera kukonza nthaka, kudzala, kukwera kudenga ndi kumanganso zingwe. Nkhalamba payokha singakwere kudenga, ndipo mnyamata wa mumzinda payekha sadziwa tsiku lodzala. Ntchitoyo inapangidwa mwa njira yakuti ikasowa mmodzi wa awiriwa, ifa. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga. Chifukwa cha ichi a Hibino ndi ophunzira awo anakhala akubwerera ku Azamihira chaka ndi chaka, ngakhale m'zaka zopanda chionetsero, ndipo pamene ife tinafika panali patapita zaka 15 chidzalire njere zoyamba.

Duwa limodzi limabala njere zingapo, ndipo khoma lathunthu limabala zochuluka koposa zimene mudzi ungadzale. Zotsalazo zinayamba ulendo. M'chaka cha 2005 njere za ku Azamihira zinakadzalidwa pa nyumba ya zaluso mumzinda wa Mito. Zinafikanso ku Gifu, kwawo kwa a Hibino, ndipo m'chaka cha 2007 zinayanga mozungulira nyumba yosungiramo zaluso ya mumzinda wa Kanazawa. M'kupita kwa nthawi malo odzala anapyola makumi awiri m'dziko lonselo, ndipo odzalawo anayamba kusonkhana kuti apatsane njere ndi kusimbirana za kwawo. Kulikonse kumene njereyo ifika, imafika ndi mbiri yake, yakuti kholo lake linamera pa sukulu yotsekedwa m'mudzi wa m'mapiri a Niigata. Mudzi umene kwa zaka zambiri unkangotaya ana ake unapezeka uli ndi chinthu chopatsa mizinda ikuluikulu.

Sitifuna kukunamizani kuti maluwa anathetsa mavuto a deralo. Sukulu ya ku Azamihira sinatsegulidwenso kuti ana aphunziremo. Mzinda wa Tokamachi, umene Matsudai ndi midzi yake zinalowa pansi pake m'chaka cha 2005, unali ndi anthu pafupifupi 65,000 m'dera lonselo m'chaka cha 2000, koma kalembera wa 2020 anapeza osakwana 50,000. Minda yosanduka thengo tinaiona tokha. Alipo amene afunsa ngati kuli koyenera kuti nkhalamba zotopa zizilandira alendo ndi kugwira ntchito yowonjezera chifukwa cha maganizo a munthu wa mumzinda, ndipo funso limeneli siliyenera kunyozedwa. Mlendo wofika ndi nzeru zake angathe kusiya katundu wolemera pamutu pa omulandira, iye napita kukatamandidwa kwina.

Chimene chinasiyanitsa ntchito ya ku Azamihira, monga momwe ife tinaonera, ndi zinthu zitatu. Mlendoyo anamanga pa luso limene eni mudzi anali nalo kale, kotero kuti sanawasandutse antchito ake. Anasankha chinthu chotsika mtengo, njere ndi chingwe, chimene mudzi ungathe kuchipitiriza popanda kudikira thandizo lakunja. Ndipo anabwerera, kufikira anthu analeka kumuona ngati mlendo. Mame amakamuka ndithu, koma akagwa m'mawa uliwonse pamalo amodzi, udzu wa pamenepo sufota.

Pobwerera ku Matsudai madzulo tinadutsanso minda yosanjikizana ija, ndipo maganizo athu anathamangira ku midzi yakwathu. Kwathu sukulu sizisowa ana, koma nkhalamba zosiyidwa ndi ana awo opita ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg zilipo zambiri, ndipo nzeru zawo za mbewu, za nthaka ndi za mbiri ya mudzi zikupita nazo kumanda popanda wozifunsa. Inu achinyamata amene mwaphunzira, mukapita kumudzi pa tchuthi muli ngati alendo, ndipo kalumo kali m'manja mwanu. Musafulumire kuphunzitsa. Khalani pansi, funsani agogo dzina la nyemba imene asunga m'chiguli ndi kumene inachokera, lembani zimene akuuzani, ndipo yambani nawo ntchito yaing'ono yofuna manja anu ndi nzeru zawo pamodzi. Inunso makolo, mwana akadza ndi maganizo achilendo, musamutsekere khomo musanamve. Njere ikapatsidwa kwa mnzako siichepa, ndipo imene yadzalidwa lero ndi anthu awiri idzafuna kuti awiriwo adzakomanenso pokolola.