Mseu wa Kum'mawa ndi Anthu Oyenda M'mphepete Mwake

Mseu wa Great East Road, wocokera ku Lusaka kukafika ku Chipata, ndi wa makilomita oposa 550. Apaulendo ambiri amaukumbukira cifukwa ca mapiri a Manenekela, nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa ndi nthoci za ku Nyimba. Ife tinauyenda maso athu ali m'mphepete mwa tala, momwe mumadutsa anthu amene sakwera basi.

Munthu akangooloka Luangwa, njinga zimayamba kucuruka. Pofika ku Petauke, Sinda ndi Katete, njinga ndiyo ngolo ya banja, ndiyonso imanyamula wodwala kupita naye ku cipatala. N'zosadabwitsa kuti kale fakitale ya Luangwa Industries, yopanga njinga za Eagle, inali ku Chipata. Tinaona abambo atamanga matumba a makala copingasa, katundu atatambalala kuposa mapewa ao, kotero kuti sangaceuke n'komwe lole ikamadza kumbuyo.

Gawo locokera pa mlatho wa Luangwa kukafika ku malire a Mwami linakonzedwanso m'zaka za m'ma 2010 ndi thandizo la European Union ndi mabanki akunja. Tonse tinakondwera. Koma kale maenje ndiwo ankabweza oyendetsa galimoto. Lero palibe cowabweza. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadya mamita 28 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala akaona mwana akuthamangira mbuzi, asanaponde n'komwe buleki, mamita amenewo apita kale.

Bungwe la RTSA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la za pamseu la mu 2002, liri ndi uthenga wosavuta. Woyenda pansi ayende ku dzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto akubwera, popeza kuno kwathu magalimoto amayenda kumanzere. Ambiri amasemphanitsa zimenezi: amayenda atafulatira ngozi, nadalira makutu okha. Wapanjinga ayende kumanzere pamodzi ndi magalimoto, njinga yake ikhale ndi mabuleki, belu, nyale ndi kagalasi kofiira kumbuyo. Usiku munthu abvale zowala. Citenje cakuda kapena jekete yakuda pa mseu wopanda magetsi siioneka mpaka galimoto itafika pafupi zedi, makamaka pamene nyale za lole ina zathobwa dalaivala m'maso.

Uthengawu ndi wabwino, koma tiri nao ndi madandaulo awiri. Zikwangwani zambiri zimene tinawerenga zinali m'Cingerezi, pamene agogo opita ku cigayo amalankhula Cinsenga kapena Cicewa. Mawailesi a ku Chipata monga Breeze FM ndi Radio Maria, pamodzi ndi mafumu ndi aphunzitsi, ndiwo angathe kuufikitsa pa mtondo ndi pa citsime. Dandaulo laciwiri ndi lalikulu. Nthawi zambiri timalangiza wofooka kuti acenjere, ngati kuti wogwira ciongolero ca lole alibe mlandu. Bungwe la zaumoyo la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamseu caka ciri conse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Awa sapha munthu, amaphedwa. M'timatauni ta m'njira tinaona kuti cimene madalaivala amamvera msanga ndi mahampu, osati cikwangwani.

Pa Katete pali mphambano ya mseu wopita ku Chanida, ku malire a Mozambique, ndipo cipatala ca St Francis ciri pafupi ndi mseu waukulu. Dzuwa likamalowa, malole a mafuta ndi feteleza amakumana pamenepo ndi anthu obwerera kumudzi kucokera ku msika. Tinaima kanthawi kuwerenga njinga zimene zinali ndi nyale. Zala za dzanja limodzi zinatikwanira.