Tsiku la Sitima pa Limbe

Kusanache, pa siteshoni ya Limbe pamakhala padzaza kale. Ena agona pomwepo atafunda zitenje, pakuti mphepo yotsika m'phiri la Mpingwe sinyengerera munthu. Lero ndi tsiku la sitima ya anthu. Mayi wina wakhalira belo la kaunjika, zigubu ziwiri za mafuta ophikira wazipanira ndi miyendo, ndalama ya tikiti wayimanga pa nsonga ya chitenje.

"Achimwene, tandikwezerani kaye beloli."

"Dikirani amayi, mabogi sanaime bwino."

Ikaima, katundu amalowera pakhomo ndi pawindo pomwe. Injini ikulira, sitima ikusuntha mwaulesi kulowera ku Blantyre, Lirangwe, mpaka ku Nkaya ndi ku Balaka. Ogulitsa mandasi akuithamangira akuwerenga chenji.

Ikangochoka m'pamene nkhope yeniyeni ya malo ano imaoneka. Kuseri kuli makontena, matumba a feteleza ndi anyamata ovala maovolosi othimbirira ndi girisi. Njanjiyi anayiyalira katundu, anthu amangokwera nawo. Eugene Sharrer, mwini minda yambiri kuno kumapiri, ankafuna njira yotulutsira mbewu zake, chifukwa amtengatenga osenza pamutu kuchokera kumtsinje wa Shire sankakwanira, ndipo mindayo inkawafunanso anthu omwewo. Ntchito inayamba mu 1903, sitima n'kufika ku Blantyre mu 1908. Poyamba ankati njanji iyambire pa Chiromo, koma madzi a Shire anaphwa moti sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga, choncho anaitsitsa mpaka ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Kampani ya fodya ya Imperial Tobacco itamanga fakitale yake pafupi ndi njanji, tauni ya Limbe inamera mozungulira siteshoni.

Dzuwa likafika paliwombo, ogwira ntchito amatuluka kukafuna nsima ya pamsika kapena tchipisi cha pachiwaya. Achikulire opuma pantchito amene amabwerabe kudzacheza amatchula masiteshoni a kumwera ngati mayina a ana awo: Luchenza, Sandama, Makhanga, Bangula. Kumeneko n'kumene kunali khomo la dziko lino. Libert Oury, mkulu wa zamalonda ndi zachuma wochokera ku Belgium, ndiye anakankha za njanji ya ku Beira imene inatsegulidwa mu 1922, ndiponso mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka, umene unatha mu 1935. Ngongole yake inalemera pamsana pa Nyasaland kwa zaka zambiri, pamene opindula kwambiri anali a doko la Beira. Mayina a azunguwa ali m'mabuku. Asena, Amang'anja ndi Alomwe amene anakumba mapiri ndi makasu, komanso Amwenye amene ankayang'anira masiteshoni ndi kukonza mainjini, amangotchulidwa m'chigulugulu.

Nkhondo ya ku Mozambique inawononga mlatho wa Dona Ana m'zaka za m'ma 1980, ndipo madzi osefukira a 1997 anadula njanji pa Chiromo. Chiyambire pamenepo maso a Limbe ali ku Nacala, kudzera pa njanji ya Nkaya mpaka Nayuchi imene boma la Kamuzu Banda linatsegula mu 1970.

Masana kumakhala zii. Injini imodzi ikukankha mabogi, kuwagundanitsa kuti alumikizane, mkulu wovala jekete lowala akuikupizira mbendera. Sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize, zimene zimanyamula katundu wambiri pa njanji za dziko lino, sizipita pano n'komwe. Zimadutsira ku Mwanza ndi ku Neno, n'kukhotera pa Nkaya. Limbe, likulu la njanji, imangomva mbiri yake.

Chakumadzulo msewu wa kunja kwa mpanda umatsekeka ndi maminibasi ndi akabaza a njinga zamoto, ndipo anthu ochokera kuntchito amadumpha njanji osacheuka. Mnyamata wa wilibala wabwera kudzafunsa mlonda za tsiku lobwerera sitima, pakuti ikamabwera imadzaza ndi matumba a mpunga, matemba a ku Chilwa ndi nkhuku zomangidwa miyendo, ndipo ganyu yake imakhala ya tsiku lonse.

"Bwana, ndisungireni malo pafupi ndi geti."

"Ulawire, mphwanga. Anzako amagona pompano."