Phunziro limene anagona

Aphunzitsi anzanga, dzulo ndili kunyumba ku Kawale ndinalandira uthenga kuchokera kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa Physical Science. Pano amaperekeza alenje pafamu ina ku Limpopo, ndipo akufuna kachipangizo ka laser koyezera mtunda, kotchipa. Akalakwitsa mtunda, nyama imathawa itavulala, iye ntchito n'kutha.

Ndinamukumbutsa za m'kalasi: kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. Kachipangizoka kamawerengera nthawi imene kuwala kwatenga popita ndi pobwerera, n'kugawa pawiri. Ndinati, "Usakhulupirire mamita olembedwa pakatoni. Amayesera pa chinthu chonyezimira, pomwe ubweya wa nswala umabweza kuwala kochepa. Gula kofika kutali kuposa pomwe mumaombera."

Anayankha kuti, "Aphunzitsi, tsiku limenelo ndinagona." Ine mlenje wakale wa legeni ndinangoseka.