Woodstock yakongola, koma yakongolera ndani?

Boma la tsankho litalamula mu 1966 kuti District Six ikhale ya azungu okha, anthu oposa 60,000 anasamutsidwa. Woodstock, yomwe ili pafupi pomwepo mu Cape Town, inapulumuka. Makaladi, akuda ndi azungu anapitiriza kukhala khomo ndi khomo. Lero amene akuwathamangitsa ndi lendi.

Pitani Loweruka ku Old Biscuit Mill pa Albert Road. Fakitale yakale ya mabisiketi ija tsopano ndi msika wa opeza bwino, alendo ali pikitipikiti, khofi m'manja, foni m'mwamba. Chapafupi pomwepo, pa Bromwell Street, mabanja amene anakulira pamenepo anauzidwa kuti achoke nyumbazo zitagulidwa. Khonsolo inawalozera ku Wolwerivier, makilomita pafupifupi 30 kunja kwa tauni. Nanga ya minibasi yopitira kuntchito aziitenga kuti? Ana asukulu nanga?

Mu 2017 ena anangolowa m'chipatala chakale cha Woodstock chomwe chinali chitasiyidwa, n'kuchitcha Cissie Gool House. Akuti n'kuphwanya lamulo. Chabwino. Ine sindingawadzudzule, pakuti chipatalacho chinangokhala chotseka iwo akusowa pogona.