Sukulu ya pa Khonde

Abale anga a m'midzi, makamaka inu makolo Achikristu amene muli ndi ana okhala pa khomo, ndifuna ticheze pang'ono. Chiyambire 1994 sukulu za pulaimale n'zaulere, ndipo mwana ali yense ayenera kupitako. Koma tidziwa kuti alipo ana amene sukulu iwatalikira, ena ndi opuwala miyendo, enanso mtsinje ukadzala amatha masabata osaoloka. Mu 2020 sukulu zonse zinatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha matenda a Covid-19, ndipo mu 2023 namondwe wa Freddy anasandutsa sukulu zambiri za kum'mwera misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi zotere mphunzitsi wa mwana ndinu.

Kapena mukuti, "Ine ndinalekera Sitandade 4, ndingaphunzitse chiani?" Tamverani. Ngati mutha kutsegula buku la nyimbo ndi kupeza nambala imene mkulu wa mpingo watchula, nchito iyi muitha. Chinenero chathu chilembedwa monga momwe chinenedwera. Yambani ndi a, e, i, o, u, kulemba pansi ndi chala. Akazidziwa, onjezani m, kuti apeze ma, me, mi, mo, mu, ndipo tsiku lomwelo awerenga "amama" ndi "mame". Sabata lina onjezani t, awerenge "atate", "moto", "mutu". Choko chikasowa, khala lilemba pa katoni, ndi chinangwa chouma chilemba bwino pa chitseko.

Pamene ana ambiri amapunthwa ndi pa malemba ofanana. Musafulumirepo. Muwaonetse kuti "kola" si "khola", ndi kuti "pala" si "phala". Adzukulu anga anaseka tsiku lonse atamva kuti kachizindikiro kakang'ono kasiyanitsa ng'oma yoimba ndi ngoma ya m'thengo, ndipo sanaiwalenso.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene chinyenga mabanja a ife opemphera, ndipo ndicho chandilembetsa nkhaniyi. Ana athu amaloweza msanga. Amamva mavesi ku Sande sukulu, amamva mafunso ndi mayankho a katekisima, amamva nyimbo. Mukampatsa buku, mwana ayamba kunena mosadodoma, chala chikuyenda pa mzere, ndipo inu mtima uti myaa, mwana wanga awerenga. Ine ndaphunzitsa kalasi ya ana ku tchalitchi zaka zambiri. Tsiku lina kamnyamata kena kanatinenera Salmo lonse bwino lomwe, makolo ake ali chimwemwe, koma nditayang'ana ndinapeza kuti buku latsegulidwa pa Miyambo. Kamnyamatako sikanali kunama ai. Kanali kuchita chimene kanaona kuti chikondweretsa akulu.

Kuloweza n'kwabwino, sindikukana. Koma mwana woloweza chabe sadzawerenga kalata, kapena malemba a pa botolo la mankhwala a mbeu, kapena chimene wogula fodya ndi mtedza walemba pa kapepala. Chifukwa chake muyeseni chotere: phimbani mzere ndi tsamba, musiye liu limodzi lokha, alitchule. Kapena lozani mau kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Akakanika musakwiye, mwangodziwa pamene pali nchito. Bwererani naye ku ma, me, mi.

Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake anatembenuza, linatuluka lonse mu 1922, ndipo Buku Loyera, la Chichewa chapafupi, linadza mu 1998. M'nyumba zambiri buku lilipo ndi lomwelo basi, ndipo likwanira. Koma musampatse mwana pamene adziwa kale pa mtima. Ine ndimakonda kuyamba ndi Rute, pakuti mitu yake ndi 4 yokha, ndipo nkhani yake ndi ya njala, ya umasiye ndi ya kukunkha m'munda wa mwini, zinthu zimene mwana wa mlimi azidziwa. Awerenge mizere iwiri, atseke buku, akuuzeni m'mau akeake chimene chachitika. Pambuyo pake Yona, amenenso ali ndi mitu 4.

Za nthawi, usiku suthandiza, pakuti mwana ali ndi tulo ndipo nyali ifuna ndalama. Masana mutaweruka ku munda, nsima italowa, khalani pa khonde mphindi 20. Pang'ono masiku onse kuposa tsiku lathunthu kamodzi pa mwezi. Kuwerengera kulowe m'nchito: awerenge mizere imene mwalima, nkhuku zikamalowa m'khola, ndi zitini za chimanga popita ku chigayo. Ndipo atate, msungwana asatsale pa mtondo mlongo wake ali pa khonde; mtondo udikire mphindi 20 zomwezo.

Chikoti chisiyeni. Mwana wogwidwa ndi mantha amangoyang'ana nkhope yanu, osati malemba, nayamba kulota mayankho. Mukaona kuti mtima wakwera, tsekani buku, mudzayambenso mawa.

Ngati m'nyumba mwanu mulibe wodziwa kuwerenga, nenani pa mapemphero a m'mudzi pakati pa sabata. Mabanja atatu kapena anai angathe kusonkhanitsa ana pa khonde limodzi, wina wodziwa naphunzitsa, enawo namthandiza tsiku limodzi ku munda kwake. Ndipo mtsinje ukaphwa kapena sukulu ikatsegulidwa, mperekezeni mwanayo nokha, muuze aphunzitsi malemba amene wafikapo.