Kapisozi wa pa depoti satsuka mtima

Amalonda anzanga a ku Liwonde, pa Ntaja ndi pa Balaka, pali bodza likuyenda m'misika mwathu limene likundisowetsa mtendere. Ati makapisozi amatsuka mitsempha ya mtima, eti poti azungu anapeza kuti nthenda ya mtima imayamba ndi tizilombo.

Bodzali likugwira anthu chifukwa muli kachoonadi pang'ono. Mu 1988 madokotala a ku Finland anaona kuti ambiri mwa odwala mtima magazi awo ankasonyeza kuti anadwalapo kachilombo ka m'chifuwa kotchedwa Chlamydia pneumoniae. Ena anadzakapezanso m'mafuta amene amatseka mitsempha yodyetsa mtima. Anthu anati basi, mankhwala apezeka.

Atayesa zinakanika. Ku America, pa kafukufuku wa odwala oposa 4,000 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005, theka linamwa azithromycin kamodzi pa sabata kwa chaka chathunthu, theka lina ayi. Mtima unawagwira chimodzimodzi. Nanga ngati chaka chonse cha mankhwala enieni chinalephera, makapisozi anayi owauka ndi dzuwa la ku Liwonde angathe chiyani? Zodziwika kuti zimatseka mitsemphayi ndi fodya, BP, shuga ndi mafuta ochuluka m'magazi.

Komatu kachilombo koonongadi mtima kalipo, ndipo kamagwira ana athu omwewa. Mwana wa achemwali anga anadwala zilonda zapakhosi ali ndi zaka 9. Linali tsiku la msika, amake anamugulira makapisozi awiri n'kuthamangira ku benchi yawo ya usipa. Ndani angawadzudzule? Patatha masabata atatu mawondo anatupa, thupi kutentha ngati mbaula. Lero ndi mtsikana wamkulu koma chidebe cha madzi sangasenze, wefuwefu amamupeza ali pachitsime pomwepo. Mwezi ndi mwezi amakabayitsa jakisoni wa penisilini.

Kachilomboko dzina lake streptococcus. Thupi polimbana nako limasokonezeka n'kuyamba kuwononga tizitseko ta m'kati mwa mtima timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Kamakonda ana a zaka 5 mpaka 15, makamaka ogona mothithikana monga timachitira ife m'nyumba za lendi. Kafukufuku wa ku Lilongwe amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016 anapima ana 1,450, ndipo atatu mwa 100 alionse mtima unali utayamba kale kuwonongeka, eni ake osadziwa n'komwe.

Ndikudziwa, kutseka benchi tsiku la msika n'kutaya ndalama ya ndiwo. Koma mwana akamalira pomeza, thupi litatentha, pomwe chimfine ndi chifuwa alibe, siyirani mnzanu katunduyo mupite naye kuchipatala. Dokotala akaona kuti n'kachilomboka amabaya jakisoni mmodzi, kapena amapereka mapiritsi a masiku 10. Amwe onse mpaka lomaliza, ngakhale pakhosi patapola tsiku lachitatu.